Tichonge Maganizo, Osati Chingerezi Chokha

 Zikomo pondiitana kuno ku Ilford kudzapereka mphoto kwa opambana pa mpikisano wa zimangirizo.

Ambirife tinaphunzira kwathu ku Malawi, kumene wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Tinazolowera kuti wothyola Chingerezi ndiye wanzeru. Maganizo amenewa tinawoloka nawo nyanja, ndipo akupweteka ana athu.

Taonani pepala la mwana wongofika kumene kuchokera ku Dedza. Mzere uliwonse wadzadza inki yofiira chifukwa cha galamala. Koma pansi pa inkiyo mwana uja wanena mfundo yake, wapereka umboni, wayankhanso amene angamutsutse. Malikisi a zimenezi amupatsa ndani?

M'chaka cha 2001 Paul Stapleton anasanthula zolemba za Chingerezi za ophunzira a payunivesite ku Japan, omwe ena ankati sadziwa kutsutsa mfundo. Anapeza kuti akalemba pa nkhani yomwe akuidziwa bwino, zifukwa ndi umboni zimachuluka. Nzeru anali nazo, chinkawatsekereza ndi mutu wachilendo.

Choncho aphunzitsi, ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, pepala lililonse muziliwerenga kawiri: ulendo woyamba mufufuze maganizo, wachiwiri mukonze chiyankhulo, ndipo malikisi ake akhale osiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, muziwapatsa mitu yomwe ikuwakhudza. Afunseni ngati kunali koyenera kusamutsa anthu m'mphepete mwa phiri la Soche namondwe Freddy asanafike mu 2023, mudzaona mmene akokerane mfundo.

Kwa inu makolo anzanga, kusanthula nkhani si luso lobwereka. Pabwalo la milandu mfumu sigamula isanamve mbali zonse ndi mboni zomwe. Chimangirizo chabwino chimayenda momwemo. Tsono mwana akafunsa kuti "chifukwa chiyani?" musamuyese wamwano. Muyankheni, kenako mumufunse maganizo ake, m'Chichewa momwemo ngati ndi mmene akumasukira.

Ophunzira inu, Chingerezi chiphunzireni mwakhama, pakuti ochonga mayeso adzachifuna. Koma musaope kulemba zomwe mukuganiza poopa kulakwitsa mawu. Galamala aphunzitsi adzakukonzerani. Mfundo ziyenera kuchokera kwa inu.

Opambana lero, mwatinyaditsa.