Ngozi ya pa Chimango Imagwera Ali Pansi

(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa makomiti oyang'anira ntchito za chitukuko m'wadi)



Pamene mdadada wa sukulu ukumangidwa, anthu amaopera mmisiri ali pamwamba pa nsanja. Koma nyundo ikapulumuka, imatsikira amene ali pansi: mayi wobweretsa madzi, mnyamata woponda matope, ngakhale mwana wodutsa pofuna kudula njira. Chinthu chogwa kuchokera pa mamita 3 chimafika pansi sekondi imodzi isanakwane, chili pa liwiro la makilomita pafupifupi 27 pa ola. Wina akamafuula kuti "Thawani!" chimakhala chitagunda kale.

Kuyambira pamene malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, mabuloko a simenti ndiwo achuluka. Buloko limodzi limalemera kuposa njerwa zingapo pamodzi. Chizolowezi choponyerana njerwa m'mwamba sichingagwirenso. Mabuloko akwezedwe ndi chingwe kapena popatsirana, ndipo asaunjikidwe m'mphepete mwa nsanja yopanda thabwa lotchinga.

Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito limaika udindo pa wolemba ntchito. Choncho zipewa zolimba agule ndi kontilakitala, ndipo waganyu wa tsiku limodzi alandire chake, chifukwa mutu wake suli wolimba kuposa wa kapitawo. Komiti imene imawerenga matumba a simenti mosaphonya, nanga yalephera bwanji kuwerenga zipewa? Pansi pa nsanja pazunguliridwe chingwe, madzi atulidwe kutali, ndipo malata asakwezedwe kukuwomba mphepo ya mkuntho. Pa sukulu, mphunzitsi wamkulu auzidwe tsiku lokhoma denga kuti ana asinthiridwe njira.

Munthu akamenyedwa m'mutu n'kudzuka yekha, asabwezedwe pa ntchito. Magazi amatha kukha m'kati mwa chigaza pang'onopang'ono. Kusanza, kusinza, kusokonezeka maganizo kapena madzi otuluka m'khutu n'zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Wodandaula khosi asanyamulidwe mwachisawawa.

Ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya pa boma, pakuti lamulo la chipukutamisozi la 2000 limayenda ndi umboni wolembedwa. Banja lisavomere kandalama ka m'manja kotsekera nkhani lipoti la dokotala lisanatuluke.