Nyumba Yosungiramo Makalata Akale ku Zomba

Lero sindilankhula za mbewu kapena manyowa ai. Ndifuna kukuuzani za nkhokwe ya mtundu wina, imene mulibe chimanga koma makalata.

Nkhokwe imeneyi ili ku Zomba, ndipo dzina lake ndi National Archives of Malawi. Inayamba mu 1947 monga nthambi ya nyumba ya makalata ya ku Salisbury, ndipo mu 1964 inakhala yathuyathu. Chifukwa chake chosungira makalata mosamala tichiona pa zimene zinachitika mu 1919. Chaka chimenecho moto unatentha maofesi akulu a Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri oyambira 1891 anapsa. Madzi akatayika saoleka.

Kodi muli chiani m'nyumbamo chokhudza inu? Choyamba, muli mabuku a maboma amene ma D.C. akale ankalembamo maina a midzi, mibadwo ya mafumu ndi milandu ya malire. Mukafuna za kuno, funani dzina loti "Ncheu", pakuti ndimo ankalembera masiku amenewo. Inu anyakwawa mudziwa kuti milandu ya minda ndi ya ufumu siitha pabwalo. Nkhalamba zimene zinaona malire akudulidwa zili kutha. Kalata yakale siithetsa mlandu yokha ai, pakuti mzungu wolembayo nthawi zina ankamva mbali imodzi, koma ithandiza poiyerekeza ndi mau a akulu.

Chachiwiri, muli malipoti a chaka ndi chaka a Dipatimenti ya Malimidwe, onena za mvula, zokolola ndi mitengo ya mbewu. M'menemo muwerenga za njala ya 1949, ndi umo Boma linalimbikitsira anthu kubzala chinangwa ndi mbatata kuti asadalire chimanga chokha. Phunziro limenelo silinakalambe.

Chachitatu, muli makalata a milandu ya malimidwe. M'zaka zimenezo anthu ankalipitsidwa, ena kumangidwa, chifukwa chosapanga mizere ndi migula m'minda yao. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II, pokana Chitaganya, anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo amenewo. Boma linawachotsa pa ufumu, apolisi anadza kuno ku Lizulu, ndipo Inkosi anaolokera ku Mozambique, kumene Apwitikizi anawabweza. Anamwalira mu 1954. Ife alangizi tiphunzirapo kuti nzeru yoloŵa ndi chikwapu siikhazikika. Koma inunso taonani mapiri athu: anthu sanakane nthaka, anakana nkhanza. Madzi akali kukokolola minda ya kachewere ndi kabichi pamene mizere yalunjika kumtsinje.

Amene afika ku Blantyre apite ku Chichiri, ku nyumba ya zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966. Kumeneko aona ndi maso zida zimene makolo athu ankagwira nazo ntchito.

Tsono ndikupemphani zinthu zitatu. Mfumu iliyonse ikhale ndi buku la mudzi, lolembamo malire a minda, mboni zake, ndi tsiku la mlandu. Makalata akale amene muli nawo, monga ziphaso za msonkho, makalata a ubatizo a ku Mlanda, ndi zithunzi, muwaike m'bokosi la chitsulo, pamwamba, kutali ndi chiswe, makoswe ndi denga lodontha. Ndipo tumani ana a sukulu akhale pansi ndi agogo ao, alembe zimene akumbukira: mbewu zamakolo, zaka za dzombe, ndi malo amene panali akasupe.

Mukafuna kupita ku Zomba, yambani mwafunsa ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Ntcheu, ndipo mutenge munthu wodziwa Chingerezi, pakuti makalata ambiri ali m'chinenero chimenecho.