MLONDA NDI LIPENGA LACE

Mau olalikidwa ku Kasungu pa Sabata loyamba la mwezi wa November. Kuwerenga: Ezekieli 33:1-9.

Pobwera kuno m'mawa muno mwaona nokha kuti thambo lasandulika. Utsi wa lupsa umene unaphimba phiri la Kasungu wayamba kucoka. Dzuwa liocha kuyambira m'mawa, ndipo pofika masana mitambo iunjikana, nikwera ngati zulu zazikuru, ndipo madzulo timva mabingu patali. Cizimalupsa cagwa kale m'midzi ina, mbande za fodya zakula m'manazale, mizere yaungidwa, ndipo mlimi ali yense agona khutu liri kudenga. Nyengo iyi tiilakalaka tonse, pakuti tiri anthu a khasu. Koma makolo athu anati, walira mvula walira matope. Ndipo ine lero ndifuna kunena za matopewo asanatifike.

Mneneri Ezekieli anali mwa andende a ku Babulo pamene Mulungu anampatsa fanizo la mudzi woopa nkhondo. Anthu a m'mudzimo asankha mmodzi mwa iwo okha, namuika pamalo okwera kuti aone kutali. Ndipo akaona adani aomba lipenga. Pamenepo milandu iri iwiri. Munthu akamva lipenga, natembenuka pamphasa pace kugonanso, adani nampeza, palibe wina adzafunsidwa za imfa yace. Koma mlonda akaona tsoka lirinkudza, nakhala cete, Mulungu adzafunsa mlondayo za moyo uli wonse wotayika. Makolo athu a dziko la Mwase sakadabvutika kumva fanizoli, pakuti m'masiku a nkhondo za Angoni anadziwa bwino phindu la munthu woima paphiri. Ndidziwa kuti mneneri ananena makamaka za moyo wa mzimu, ndipo tidzafikako. Koma Iye amene analenga mzimu analenganso thupi, ndipo sakondwera pamene ana ace afa imfa imene akadatha kuilewa.

Poyamba ndinena kuti mlonda alipo. Boma liri ndi Nthambi yoona za Nyengo, likulu lace ku Blantyre. Caka ndi caka dzinja lisanayambe nthambiyi ilengeza m'mene mvula iyembekezeka kugwera, ndipo tsiku ndi tsiku itumiza macenjezo pa wailesi ndi pa lamya za m'manja. Anthu amenewa saombeza ula. Ayesa kutentha, mphepo ndi cinyezi, napenya mitambo ndi makina a mlengalenga. Cimene aona ndi ici: m'miyezi ya October ndi November dzuwa liri pamutu penipeni, nthaka itentha, ndi mpweya wa pamwamba pace ukwera msanga. Mphepo yonyowa yocokera ku Congo ikafika, nthunzi yace ikwera nao mpweyawo kufikira kumwamba kozizira, nisanduka madontho ndi matalala. Ndipo mtambo wotere ukhoza kutalika makilomita oposa 10. Cifukwa cace mvula yoyamba igwa mwaukali ndi mwa apo ndi apo: mudzi uno madzi ali thithithi, mudzi wa patsidya pfumbi liri koboo. Idza ndi mphepo yosasula madenga a sukulu ndi a nyumba za mapemphero, ndi matalala oboola masamba a fodya. Ndipo popeza nthaka yauma gwa, ndi udzu tinauocha, madzi salowa pansi, koma athamangira kumadambo ndi kumitsinje.

Wina adzati, Abusa, tsiku lija ananena za mvula, koma kwathu siinagwe, amenewa ngabodza. Iai, mbale wanga. Mlonda aona pfumbi la adani, koma sadziwa khomo limene adzayamba kulowera. Akati mvula yamabingu iyembekezeka m'cigawo ca pakati, sanena kuti idzagwa pamunda pako. Anena kuti ukhale maso. Ndiponso akati caka cino mvula idzacepa, usati madzi sadzasefukira. Kumbukirani caka ca 2024. Cilala cinaononga mbeu m'dziko muno, kotero kuti m'mwezi wa March Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Koma m'dzinja lomwelo, pakutha pa February, mtsinje wa Dwangwa unasefukira ku Nkhotakota, nugwetsa nyumba, nupha anthu, ndipo anthu zikwi zambiri anakagona m'misasa. Tsono Dwangwa acokera kuti? Acokera kuno kwathu, m'nkhalango ya nyama ya Kasungu.

Caciwiri, wakumva lipenga acite ciani? Ndiyambe ndi mphezi. Kuwala kufika m'maso pomwepo, koma liu la bingu liyenda kilomita imodzi m'masekondi 3. Mukaona kung'anima, werengani. Bingu likamveka musanafike pa 30, mphezi iri pafupi, ndipo ikhoza kukupezani. Pamenepo siyani khasu, turukani m'madzi ndi m'dambo, lowani m'nyumba yolimba, nimukhale kutali ndi khomo ndi mazenera. Musaturuke kufikira papita mphindi 30 cimvekere bingu lotsiriza. Mphezi ikonda cinthu cacitali coima pacokha. Ndipo dziko lathu lino ndi lathyathyathya, momwemo munthu woimirira pamunda wa fodya, kapena mtengo wa mango wotsala pakati pa munda, ndico cinthu cacitalico. Ine ndaimapo pamanda a mnyamata woweta ng'ombe amene anathawira mvula pansi pa mtengo wotere. Sanalakwe kanthu, koma kuti palibe anamuuza. Inu aphunzitsi, mabingu akayamba musatumize ana kwao, kapena kuwasiya pabwalo la mpira. Akhale m'kalasi kufikira kwaca. Ndipo wina akagwa ndi mphezi, musaope kumkhudza, pakuti moto wace sukhalira m'thupi. Mthandizeni kupuma, nimuthamange naye kucipatala.

Za madzi ndinena izi. Bua, Rusa, Lingadzi ndi Dwangwa idzala ndi mvula imene inu simunaione. Kuno kuli ngwee, koma kumtunda yagwa usiku wonse. Madzi othamanga ozama masentimita 15 okha, ongopitirira pa akakolo, akhoza kugwetsa munthu wamkuru. Nanga mwana wa sukulu, nanga mai wobereka khanda? Kuli bwino kugona patsidya ndi njala usiku umodzi, kusiyana ndi kuti abale akufunefune m'mabango masiku atatu. Inu amene munamanga nyumba ya zidina m'dambo popeza kwa zaka zingapo panali pouma, kumbukirani kuti madzi saiwala khwawa. Kumbani ngalande kuzinga nyumba, mangani denga, kwezani cimanga ndi feteleza pathandala. Ndipo pangananitu ndi a mfumu malo okwera kumene mudzi udzathawira. Samalani zitsime ndi zimbudzi, pakuti madzi osefukira asanganiza ziwirizi. Ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Musathamangire kubzala kapena kuokera fodya ndi cizimalupsa. Dikirani mvula yolowa pansi, nimufunse alangizi. Ndipo musaiwale kuti mvula yocuruka ibalanso njala: m'caka ca 2001 madzi anakhathamira m'minda, cimanga cinacepa, ndipo njala ya 2002 inasautsa Kasungu koopsa. Ambiri a inu munaika abale anu caka cimeneco.

Cacitatu, tisanene za thambo lokha, pakuti mlandu wina uli m'manja mwathu. Fodya watiphunzitsira ana, watigulira malata, ndipo sindiima pano kunyoza thukuta la munthu. Koma bani lowambira fodya lidya nkhuni usana ndi usiku, ndi cigafa cifuna mitengo yatsopano kawirikawiri; ndipo pobwera ndi ndalama za ku Chinkhoma, ndani wa ife anapatulako kanthu kogulira mbande za mitengo? Mizu ya mitengo igwira nthaka, masamba acepetsa mphamvu ya madontho, ndi zinyalala za pansi zimwetsa madzi pang'onopang'ono. Ticotse zonsezi, tilime kufikira pagombe penipeni, ndipo mcenga wa m'minda yathu ukadzaza mtsinje. Pamenepo madzi asowa njira yao, nalowa m'midzi. Munthu wa ku Dwangwa amene madzi anamlanda nyumba sanadule mtengo kuno. Koma ndiye mnansi wathu, ngakhale sitidziwa dzina lace. Tinaona m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kucokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 600, ndi mazana ena osapezeka. Namondweyo sanalengedwe ndi munthu. Koma phiri lopanda mitengo, ndi nyumba zomangidwa m'njira ya madzi, zimenezo ndi nchito za anthu. Ndipo inu eni minda yaikuru, amene mukhala pamipando ya patsogolo muno, kayenderani misasa ya anchito anu sabata lino. Ngati mabelo a fodya agona pouma, koma ana a wanchito agona pamadzi, Mulungu aona.

Cacinai, cenjerani ndi lipenga labodza. Mphezi ikapha munthu, pomwepo manong'onong'o ayamba: watumiza ndani? Ndipo cala ciloza nkhalamba, kawirikawiri mai wamasiye wopanda womuimira. M'mwezi wa January 2016, ku Neno, mphezi inapha mtsikana. Ndipo anthu anagwira okalamba anai, nawapha, ponena kuti ndiwo anaitumiza. Maliro amodzi anasanduka asanu. Abale, kuyambira caka ca 1752, pamene Benjamin Franklin wa ku America ndi anzace anayesa cinthuci, cadziwika kuti mphezi ndi mphamvu yomweyo ya magetsi, yobadwa pamene matalala ndi madontho akhulana m'mtambo. Igwa pamtengo, pang'ombe, panyanja popanda munthu. Igwa m'maiko amene sadziwa dzina la agogo anu. Palibe munthu aisunga m'nsupa. Ndiponso siisankha wocimwa, pakuti igwa pa wopemphera ndi pa woledzera cimodzimodzi. Cifukwa cace musaonjeze cisoni ca ofedwa ndi mafunso anu. Mkristu wotsogolera khamu kunyumba ya nkhalamba wakana Mbuye wace. Ndipo mkuru wa mpingo woona khamulo, nakhala cete, ndiye mlonda uja amene adzafunsidwa.

Ena anena kuti kukonzekera ndi kucepa kwa cikhulupiriro; ati, tsiku langa likakwana, lakwana. Koma Nowa anakhulupirira, ndipo cikhulupiriro cace cinagwira nkhwangwa. Yosefe anakhulupirira, namanga nkhokwe m'zaka za dzinthu zambiri. Kuoloka mtsinje wodzala, ndi kuti Mulungu adzandisunga, si kukhulupirira iai. Ndiko kumuyesa Mulungu.

Tsono ndani mlonda pakati pa ife? Mau a ku Blantyre afika pa wailesi, koma safika okha kwa nkhalamba yogontha, kapena kwa mnyamata ali kubusa. Inu amene muli ndi wailesi, inu aphunzitsi, akuru a mpingo, amai a Cigwirizano, lipenga laikidwa m'manja mwanu. Ndipempha kuti sabata lino mphunzitsi ali yense aphunzitse ana kuwerenga pakati pa kung'anima ndi bingu. Mkuru ali yense alembe nyumba za okalamba ndi amasiye za m'dera lace zimene denga lace silidzapirira, ndipo anyamata apite ndi udzu ndi luzi tsiku Loweruka. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo mvula ikakhazikika, banja liri lonse libzale mitengo m'mphepete mwa munda ndi mwa mtsinje.

Potsiriza ndibwerera kumene mneneri analoza. Ambuye Yesu anadzudzula anthu a m'masiku ace, popeza anadziwa kuzindikira mtambo ndi mphepo, koma sanazindikire nthawi imene Mulungu anawayendera. Mlimi wa ku Kasungu ayang'ana kumwamba kakhumi pa tsiku. Kodi ayang'ana m'mtima mwace kangati? Mvula iri ndi mwezi wace, ndipo anzeru atha kuinenera. Koma tsiku lakuitanidwa kwako palibe wailesi idzalilengeza. Ine ndaikidwa mlonda wa mpingo uno, ndipo ndiopa kufunsidwa za inu. Cifukwa cace ndiomba lipenga lero. Iwe amene usunga udani ndi mbale wako, kayanjane naye dzuwa lisanalowe. Iwe amene wabisa malipiro a wanchito, kabweze. Iwe amene wati ndidzatembenuka ndikagulitsa fodya, bwera lero. Pakuti khomo la cifundo liri lotseguka, ndipo Kristu sabweza munthu wakudza kwa Iye.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, mwini mitambo ndi mitsinje, mutipatse mvula yokwanira pa nyengo yace. Musunge ana athu panjira ndi kubusa, ndi okalamba athu ku malilime oipa. Mutipatse makutu akumva cenjezo, ndi manja akuthandiza mnansi. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.