MPWEYA M'PHALA LA MAPEPALA

M'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Chawama ndi Matero, mapepala akale ndi makatoni amatayidwa m'ngalande kapena ku dzala la ku Chunga, pamene ana ambiri akusowa polemba. Zinyalala zimenezi zikhoza kusandukanso mapepala atsopano. Koma wofuna kugwira nchitoyi ayenera kuyamba wadziwa khalidwe la mpweya, pakuti mpweya ungathe kuononga pepala, ungathenso kuliyeretsa.

Pepala ndi timaulusi ta zomera tolukanalukana. Polipanga, timaulusito amatisakaniza ndi madzi kufikira titasanduka phala. M'mafakitale phalali limakhala lamadzimadzi kwambiri: pofika pa sefa, pa magawo 100 alionse, pafupifupi 99 ndi madzi. Madziwo akadontha, timaulusi timagwirana, ndipo tikauma ndiye kuti pepala latheka.

Mpweya wa m'phalali uli wa mitundu itatu. Woyamba ndi thovu lalikulu limene limakwera pamwamba ndi kuphulika lokha. Waciwiri ndi timathovu ting'onoting'ono tokakamira ku timaulusi, timene sitikwera msanga. Wacitatu ndi mpweya wosungunuka m'madzi monga shuga mu tiyi. Umenewu suoneka kufikira madzi atatenthedwa, kapena mphamvu yowapanikiza itacepa. Nonse munaonapo cakumwa ca m'botolo cikucita thovu pocitsegula. Zoterezi zimacitikanso pamene phala lituluka m'mipope ndi kugwera pa sefa.

Mpweya wina umabadwira m'phala momwemo. Mapepala ambiri oyera ali ndi ufa wa mwala wa laimu, mwala womwe uja amapangira simenti ku Chilanga. Ufawu ukakumana ndi asidi umatulutsa mpweya wa carbon dioxide.

Nanga kuipa kwa mpweya kuli pati? Timathovu timatseka tinjira ta pakati pa timaulusi, motero madzi amacedwa kudontha. Timayandamitsanso timaulusi ndi kutiunjika pamodzi, kotero kuti pepala limakhuthala pena, pena nkupyapyala. Kathovu kakaphulika pa sefa kamasiya kabowo konga kobooledwa ndi singano, ndipo pepala lotere silicedwa kung'ambika. Ndico cifukwa cake eni mafakitale amadutsitsa phala m'thanki imene makina amayamwamo mpweya, ndiponso amathira mankhwala opha thovu.

Komabe mpweya womwewu ndi wanchito wabwino poyeretsa mapepala olembedwa kale. Inki yosindikizira mabuku ndi manyuzipepala sikondana ndi madzi. Tsono amisiri amathira mankhwala onga sopo m'phala, napoperamo mpweya mwadala. Tizidutswa ta inki timakakamira ku timathovu ndi kukwera nato pamwamba, pamene timaulusi tambiri timatsala pansi. Thovu lakudalo amaliyengula ndi kulitaya. Phunziro lake ndi ili: mpweya ndi wothandiza poyeretsa phala, koma uyenera kucotsedwa phalalo lisanafike pa sefa.

Inunso mungayese zimenezi ku sukulu. Ng'ambani mapepala akale, muwaviike m'madzi usiku wonse, kenaka muwasinje mumtondo. Thirani phalalo m'beseni la madzi ambiri, ndipo mutakase pang'onopang'ono dzanja lili pansi pa madzi, osapalasa mwamphamvu monga pophika therere. Lisiyeni kanthawi kuti thovu likwere, muliyengule, mutakasenso mofatsa. Pomiza sefa yopangidwa ndi matabwa ndi nsalu yopyapyala, muilowetse copendekera kuti isatsekere mpweya kunsi kwake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu awiri. Lina litakase mwamphamvu ndi kumiza sefa nthawi yomweyo, lina lidikire. Mapepala akauma, anawo awayang'ane moyang'anitsa ku kuwala, awerenge timabowo, ndipo afotokoze okha cimene casiyanitsa mapepala awiriwo.

Tsalani bwino.