Manda a Alendo: Kumene Anagona Akhristu a m'Mapulazi a ku Mashonaland

Mbiri ya mpingo imasungidwa m'mabuku a ubatizo ndi m'zolemba za misonkhano, koma mbali yake ina ili m'nthaka. Pa mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi, Banket ndi Mvurwi kufikira ku Bindura, Shamva ndi Marondera, pagona amuna ndi akazi amene anadza ndi chikhulupiriro chawo kuchokera ku Nyasaland. Ambiri mwa iwo alibe mwala wonena dzina lawo.

Anthu ameneŵa anayamba kuoloka Zambezi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho utawathina kwawo. Ena anayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, ena anakwera malole a Ulere, ndipo ena analembedwa ndi Mthandizi. Ochuluka anaganiza zokhala zaka ziŵiri kapena zitatu, kuti apeze msonkho, nsalu ndi njinga. Koma zaka zinapita, anakwatira kuno, nasanduka matchona. M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, amene anatsegula Mvera pamodzi ndi Mbusa A.C. Murray mu 1889, anadza ku Salisbury kudzaŵeta nkhosa zobalalikazi. Pa maziko ameneŵa panamangidwa Sinodi ya Salisbury, imene inaloŵa mu CCAP mu 1965, ndipo lero ndiyo Sinodi ya Harare.

Omwalira mu mzinda anali ndi malo odziŵika. Manda a Pioneer, amene ali pafupi ndi Mbare, anatsegulidwa mu 1893, ndipo anagaŵidwa monga momwe mzindawo unagaŵidwira: Azungu kwawo, monga mwa zipembedzo zawo, Ayuda kwawo, ndi anthu akuda kwawo. Asilikali a nkhondo ziŵiri za dziko lonse ali m'mizere yowongoka, aliyense ndi mwala wake. Malowo atachepa, mzinda unatsegula manda a Warren Hills, ndipo pambuyo pake a Granville. Tsankho linatsata munthu kufikira kumanda, komabe manda a mu mzinda anali ndi mpanda, nambala ndi buku.

Ku mapulazi zinali zina. Kwawo ku Malaŵi manda ndi msitu wa mudzi, woyang'aniridwa ndi mfumu, ndipo palibe amene amadulamo mtengo mwachisawawa. Pa pulazi panalibe mfumu, ndipo nthaka sinali ya antchito. Imfa ikagwa pa komboni, kapitao ndiye anali kukapempha malo kwa mwini pulazi, ndipo kaŵirikaŵiri anapatsidwa pamene khasu silikanapindula: pamiyala, m'mbali mwa chulu, kapena kumalire a pulazi.

Pamenepo anthu anakonza dongosolo lawolawo. Ana anawaika mbali yawo, akulu mbali ina. Akhristu anazika mtanda wa mtengo, ena nakhoma chidutswa cha lata cholembedwa dzina ndi penti. Abale a Chisilamu, makamaka Ayao, anaika maliro awo padera monga mwa mwambo wawo, ndipo a gule wamkulu anaperekeza awo ndi ng'oma. Pokhala mbusa mmodzi anali ndi mapulazi ambiri otalikirana, maliro ochuluka anayendetsedwa ndi mlaliki kapena mkulu wa mpingo, amayi a Chigwirizano akutsogolera nyimbo. Adzukulu okumba manda sanali a mudzi umodzi monga kumudzi. Wa ku Dedza anakumbira wa ku Mzimba, wa ku Mulanje nanyamula wa ku Angonia. Kuchokera m'kusoŵa kumeneku munabadwa mabungwe a maliro, osonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mlendo asaikidwe wopanda bokosi ndi nsalu.

Koma mtanda wa mtengo sulimba pamaso pa chiswe ndi moto wa tchire, ndipo lata limachita dzimbiri. Buku lenileni la manda ameneŵa linali m'mitu ya nkhalamba za pa komboni. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene mapulazi ambiri anagaŵidwa kwa eni atsopano, mabanja ochuluka a antchito anabalalika, ena kumka m'mataundi, ena ku migodi, ena kubwerera ku Malaŵi. Amene anali kudziŵa kuti pansi pa mtengo uja pagona uje anachoka kapena anamwalira. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegulira njira ya unzika kwa obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo. Koma mdzukulu amene ali ndi chitupa lero angasoŵe pamene pagona agogo ake.

Buku la Genesis, mutu 23, likusimba kuti Abrahamu, pokhala mlendo ku Kanani, anagula phanga la Makipela ndi masekeli a siliva 400 kuti aikemo Sara. Malo oyamba amene kholo la okhulupirira linakhala nawo m'dziko la lonjezo anali manda. Momwemonso manda a m'mapulazi ndiwo umboni wakuti mpingo uno unazika mizu m'dziko lino ndi misozi ndi thukuta.

Chifukwa chake ntchito ilipo, ndipo siingadikire. Mpingo uliwonse usankhe akulu aŵiri oti afunse nkhalamba zotsala, alembe dzina la womwalira, mudzi ndi mfumu ya kwawo, chaka, ndi pulazi limene anagonapo. Abusa akambirane mwaulemu ndi eni malo a lero ndi mafumu, kuti manda asalimidwe ndi kuti abale aloledwe kukalambula. Pamene maina anatayika, paikidwe mwala umodzi wokumbutsa onse. Mulungu sanaiŵale ngakhale mmodzi wa iwo. Mpingo umene iwo anaumanga usakhale woyamba kuwaiŵala.