Musanagule Sabufa Ina, Katseguleni Bokosi la Agogo

(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu. Tawalemba apa kuti amene simunabwere musatsalire.)

Mwandipatsa nthawi yochepa, ndiye ndingolunjika.

Ambirife tikapeza kandalama, kaya ka kachewere kaya ka kabaza, maganizo amathamangira ku zoimbira za m'nyumba. Sabufa ikhale yaikulu, masipika awiri, Bluetooth igwire ngakhale uli panja, malata azinjenjemera. Palibe cholakwika pamenepo. Pempho langa ndi lakuti musanatulutse ndalamayo, muyambe mwafunsa kwanu ngati muli mbale za nyimbo zakale. Zikapezeka, gawo lina la ndalamayo lipite pozidzutsa.

Mukudziwa chifukwa chake timati woimba watulutsa "chimbale"? Lero nyimbo zimabwera pa foni kapena pa fulashi, palibe chozungulira chilichonse. Dzinali linachokera ku mbale zakuda zija, zokhala ndi timizere tozungulira ndi kabowo pakati. Mawu tinasunga, koma mbale zenizenizo ana akuziponya m'mwamba ngati choseweretsa, ena akuvundikira nazo ndowa.

Mbalezi zinafika bwanji kuno ku Ntcheu? Zambiri zinabwera m'mabokosi a azigogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Munthu pobwerera amafuna mudzi udziwe kuti anayenda: njinga, jekete, bulangete, ndiponso gumbagumba. Mawailesi ndi magumbagumba ambiri a Supersonic ankapangidwa ku Bulawayo komweko. M'mabokosimo munali simanjemanje wa Mahlathini ndi Mahotella Queens wa kampani ya Gallo, rumba ya Franco, kanindo wa ku Kenya, mpaka Jim Reeves. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela kwa zaka zingapo, ndipo anthu ambiri anabwerera kumudzi ndi katundu wawo. Mbale imene ili pansi pa bedi la agogo anu mwina inabwera nthawi imeneyo.

Zathu za konkuno ziliponso, ngakhale ndi zosowa. Kunali kampani ya Nzeru imene inkatulutsa mbale za oimba a m'dziko muno. MBC Band ndi Chichiri Queens anatulutsa chimbale chotchedwa Kokoliko ku Malawi. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anajambulidwa mpaka nyimbo zawo kumveka ku Ulaya. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'dziko muno akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimenezo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Taganizani, anthu akutali akusunga mawu a makolo athu m'zipinda zotetezedwa bwino, ife eniake tikusiyira chiswe. Mukapeza mbale ya woimba wa ku Malawi, muigwire ngati dzira.

Musaganizenso kuti izi ndi za anthu otsalira. Ku America, m'chaka cha 2022 mbale zoterezi zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba kuchokera mu 1987.

Tsopano tibwere ku ntchito yeniyeni. Choyamba, zindikirani mtundu wa mbale. Pali zazikulu zozungulira ka 33 pa mphindi, zokhala ndi nyimbo zingapo mbali iliyonse. Pali ting'onoting'ono ta 45, nthawi zambiri nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Ndiye pali za 78, za galamafoni yopukusa ija: zolemera, zosapindika, ndipo ikangogwa pansi yasweka. Za 78 zimafuna singano yakeyake, musaziike pa singano wamba.

Chachiwiri, kutsuka. Madzi oyera ofunda pang'ono, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, ndi kansalu kofewa. Pukutani motsatira timizere, mozungulira, osati modutsa. Kapepala ka pakati kasanyowe, pakuti ndi pamene pali dzina la woimba. Parafini ayi, petulo ayi, ndipo spiriti pa mbale ya 78 ndiye ayi ndithu, amaisungunula. Iumire pamthunzi. Pogwira, gwirani m'mphepete.

Chachitatu, kasungidwe. Mbale zimafuna kuimirira ngati mabuku, osati kusanjikizana ngati matumba a chimanga. Dzuwa ndi kutentha kwa pansi pa malata mwezi wa October kumazipinda, ndipo yopindika kuiwongola ndi kovuta. Zichotseni pansi, chinyezi ndi chiswe zimadya zikuto zake.

Chachinayi, choimbira. Gumbagumba yakale musafulumire kuitaya. Nthawi zambiri chimene chafa ndi kalamba koyendetsa mbale, singano, kapena mafuta amene anauma, ndipo okonza mawailesi achikulire pa boma pano kapena ku Balaka amazidziwa zimenezi kuposa achinyamata okonza mafoni. Mukagula choimbira cha pa kaunjika, yang'anani kumbuyo kwake. Magetsi athu ndi a 230 volts. Cholembedwa 110 kapena 120 mukangochilumikiza chapsa.

Apa pali pamene ambiri amakhumudwa. Munthu walumikiza choimbira ku sabufa yake pa AUX, mawu akungomveka ngati udzudzu, ndiye akuti chinthuchi ndi chakufa. Sichakufa, aise. Singano imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, ndipo pojambula mbale amachepetsa dala mabesi kuti timizere tisakule. Pamafunika kabokosi kotchedwa phono preamp kokweza mawuwo ndi kubwezeretsa mabesi. Ampulifaya yakale yokhala ndi polowetsa polembedwa PHONO ili nako kale m'kati, choncho ampulifaya yakale yoteroyo ingakuthandizeni kuposa sabufa yatsopano yonyezimira. Mukamva kulira kwa "huuu", mangani kawaya kakang'ono ka choimbira pa kasikuluwu kolembedwa GND.

Zina ziwiri zazing'ono. Masipika asakhale pa tebulo limodzi ndi choimbira, chifukwa kugunda kwa mabesi kumadumphitsa singano. Ndipo ikamadumpha musaike kandalama kachitsulo pamwamba pake monga ankachitira amalume athu. Kulemera kumeneko kumakumba timizere, nyimbo imatha osabwereranso. Singano yotha nayonso imawononga, isintheni.

Koma zonse ndanenazi ndi zazing'ono poyerekeza ndi ichi: mbale ikayamba kulira, mwini wake akhalepo. Aitaneni agogo, muwapatse mpando wabwino, muwasiye asankhe okha yoyamba. Kenako funsani. Munaigula kuti? Munali ndi zaka zingati? Inkaimbidwa pa ukwati wa yani? Mudzamva za sitima, za kukomboni, za anzawo amene sanabwerere, nkhani zimene simungazimve mutangowafunsa kuti "tiuzeni zakale". Nyimbo imatsegula pakamwa. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere pafunika wina awamve kaye. Amene anapita ku Wenela ali anyamata lero ali ndi zaka 70 kapena kuposa. Singano mukhoza kugula chaka chamawa, koma agogo sadikira.

Foni yomwe mumamverera amapiano ija igwire ntchito tsiku limenelo. Jambulani chithunzi cha kapepala ka pakati mbali zonse ziwiri, jambulani nyimboyo ikulira, jambulaninso agogo akufotokoza, mutawapempha kaye. Ndipo kumbukirani kuti mbalezo ndi zawo. Musatenge mobisa, musagulitse kwa munthu wongodutsa chifukwa wakuonetsani kandalama ka mayunitsi. Mbale imodzi yosowa mwina ndi yokhayo yatsala m'boma lonse lino.

Ndiye ntchito ndi iyi. Sabata ino aliyense afunse m'nyumba zitatu: kwanu, kwa agogo, ndi kwa munthu wachikulire woyandikana nanu. Lembani dzina la woimba, dzina la nyimbo, ndi nambala ija, 33, 45 kapena 78. Mbalezo musabwere nazo pakaliyala dzuwa likuswa mtengo, bweretsani mndandanda wokha. Amene kwanu kuli gumbagumba, ngakhale yakufa, auzeni alembi. Tikapeza zingapo tikhoza kuphatikiza n'kudzutsa imodzi ya kalabu, yoti tizizungulira nayo m'makomo mwa eni mbalewo.

Mafunso alipo?