Bweretsani Ngakhale Chokhota

Ine choyamba kuluka chinali kadoilo, ndili Sitandade 5 ku Dedza. Kanatuluka kopindika ngati lichero lakale, koma mayi anga anakayalabe patebulo. Azibambo, nanunso mukukumbukira galimoto zamawaya zija.

Kuno ku Silver Spring moyo wathu ndi shifiti, kugona, shifiti. Nthawi yozizira ena amatha mwezi osaonana ndi mnzawo wakumudzi, maganizo okhaokha. Ine chinandithandiza ndi ulusi ndi singano yolukira. Ndimaluka mu Metro, pa Red Line. Taonani sikafu iyi, yafika theka.

Mwezi wamawa aliyense abweretse chimene wayamba, ngakhale chokhota. Si mpikisano ayi, tikufuna tizionana. Amene sadzaoneka, tidzamuimbira foni.